Mayi Otola Mbande ku Bua

Mayi achikulire oyandikana nafe ku Bua amayenda pang'onopang'ono ngati akumvetsera nyimbo yakutali. Akamawokera mpunga amang'ung'udza nyimbo za amayi a Mvano a kutchalitchi, ndipo mbande iliyonse amaiuza kuti, "Gona bwino, Mwini wako sagona."

Chaka chino mtsinje unasefukira n'kukokolola munda wawo wonse, pamodzi ndi mpunga umene ankati ukacha adzafolera nyumba yawo ndi malata. Nditapita kukawapepesa, ndinawapeza m'madzi ofika m'mawondo, akutola mbande zimene zinakodwa m'mabango, n'kumazifukata m'chitenje ngati makanda.

"Mayi, zimenezi zingagwirenso?" ndinawafunsa.

Anayang'ana utawaleza umene unalendewera panyanja, kenaka anamwetulira.

"Mwanangu, Nowa potuluka m'chingalawa anaponda matope ngati omwewa. Landira izi, tiwokere."