Mafuta a Amayi M'kabotolo ka ku Korea

Ndinakana mafuta a amayi anga iwo ali pomwepo, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikudzola mafuta a nsatsi amene amayi ankayenga okha ku Chinsapo. Nditayamba ntchito pa saluni ku Area 47, ndinatola kabotolo ka zodzola za ku Korea kamene kasitomala wina anataya, n'kumathiramo mafutawo.

Tsiku lina amayi anandibweretsera mafuta kuntchitoko, ali m'botolo lakale la mankhwala a chifuwa lokulunga m'jumbo. Amayi atakhala pa benchi, mayi wina amene ndinkamuluka tsitsi anandifunsa, "Asisi, nkhope kusalala chonchi, mumadzola chiyani?"

"Za ku Korea," ndinayankha osaphethira n'komwe.

Ndinatulutsa kabotolo kaja n'kuyamba kufotokoza zimene ndinaonera pa foni: kusukusula kawiri, kenako kudzola tona, kenako seramu. Chonsecho zilembo za pa kabotolopo sindidziwa ndi chimodzi chomwe.

Amayi anangokankhira jumbo ija kunsi kwa benchi ndi phazi.

Mwezi wotsatira anabweranso, mafuta ali m'kabotolo ka pinki kamene anachita kukagula kumsika.

"Mwanawe, botolo lija linkakuchititsa manyazi," anatero chapansipansi. "Ndi aka anzako sakuseka."

Ndinalandira ndi manja awiri, koma pepani sanatuluke pakamwa panga.

Amayi anatisiya chaka chatha. Mafuta a m'kabotolo ka pinki atsala pang'ono kutha, ndipo kuyenga sindinaphunzire. Nthawi yophunzira ija ndinkaloweza za ku Korea.