Ndinamutsekulira Phulusa Chitseko

Inu owerenga, ine si munthu wolankhula zambiri. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale ndipo kulemba kumandilemera. Koma nkhani iyi ndilemba basi. Ndinalakwa kawiri pa mphaka mmodzi, ndipo sindikufuna wina alakwe ngati ine.

Ndimakhala cha ku Mkanda, kufupi ndi malire. Ndimalima mtedza ndi chimanga. Olima mtedza mukudziwa kuti mdani si mavenda okha. Ukasunga matumba m'nyumba kudikira kuti mtengo ukwere, makoswe ndiwo amayamba kulawa. Tsiku logulitsa umapeza makoko.

Ine ndinali ndi mphaka wamkazi wotuwa, dzina lake Phulusa. Sanali wokongola ndipo sankafuna kunyamulidwa. Koma ntchito ankaidziwa. M'mawa ndinkapeza mitu ya makoswe pakhomo la chipinda cha matumba.

Kwathu kuno mphaka wabwino timabwerekana ngati nkhwangwa. Mnzako akakolola amabwera kudzapempha. Umamuikira mphakayo m'dengu, akamutsekera kwa mtedza wake masiku angapo, n'kudzabweza. Sitilipiritsana. Ukakana, anthu amakunena. Amene ankabwereka Phulusa kawirikawiri anali a Sakala, oyandikana nawo nyumba. Tinakulira limodzi, ng'ombe tinkaweta dambo limodzi. Iwo analinso ndi mphaka wawo wamphongo, koma waulesi, wongodziwa kugona padzuwa.

Pali china chimene timachita kuno. Mphaka sitipha ndi manja, timati tsoka limakutsata. Choncho akayamba kuba kapena kudwala, munthu amamuponya m'thumba, kumangirira pa kaliyala ya njinga, kukamusiya kutali. Ife timakataya tsidya la Zambia, a ku Zambia amadzataya kuno. Aliyense amabwerera kwawo akudziona wosalakwa.

Tsiku lina ndikuchokera kowona mlongo wanga amene anakwatiwa tsidya lija, ndinaona thumba la feteleza likugwedezeka m'mbali mwa njira. Ndinatsika njinga n'kumasula. Munali mphaka wamphongo, wa mutu waukulu, wowonda, manthongo ali m'maso. Ndinaganiza kuti ndi njala chabe. Ndinati amphaka awiri agwira makoswe kuposa mmodzi. Kulakwa koyamba kunali kumeneko.

Akazi anga, Nabanda, atamuona anati, "Bambo a Mphatso, mwini wake anamutayiranji? Mwafunsa?"

Ndinati, "Ndikanafunsa ndani, thumba?"

Anangokokera nkhuku zawo kumbali.

Masiku oyamba amphakawo analumana kwambiri. Kenako anazolowerana. Ankadyera mbale imodzi, kumwera chigoba chimodzi, kumanyambitana kumutu. Ine ndinkasangalala kuti agwirizana. Wotolayo ananenepa pang'ono, kenako anabwerera m'mbuyo. M'kamwa munatuluka zilonda, dovu limangoyenderera. Mvula itayamba tinamupeza atafa kuseri kwa khitchini.

Nthawi imeneyo Phulusa anali ndi bere. Ataswa, tiana tonse tinali titapemphedwa kale, poti aliyense ankafuna mbewu yake. Ndinagawa m'makomo. Kamodzi kanapita kwa mwana wamkazi wa a Sakala. Titakumba mtedza, a Sakala anabwera ndi dengu monga kale, ine ndinawapatsa Phulusa. Kumeneko ankadyera limodzi ndi mphaka wawo uja.

Tiana tija sitinakule. Tinayamba kufa m'makomo mwa eni ake, kamodzikamodzi. Phulusa anabwera kuchokera kwa a Sakala atawonda, ubweya utayima, kudya movutikira. Ine mtima wanga ndi waufupi. Sindinaganize za wa m'thumba uja. Ndinaganiza za mankhwala a makoswe.

Ndinawapeza a Sakala pa shedi yokonzera njinga, anthu ali pomwepo. Moni sindinapereke.

Ndinati, "Mwathira mankhwala m'chipinda mphaka wanga ali momwemo."

Iwo anaseka kaye, akuyesa nthabwala. Anati, "Achimwene, ndikanakhala ndi mankhwala ndikanabwerekeranji mphaka wanu? Kuti azidzandiyimbira nyimbo?"

Anthu anaseka. Ine magazi anandikwera. Ndinawauza kuti ndi munthu wanjiru kuyambira ubwana, kuti mtedza wanga umawawawa m'maso. Ndinanena ndi zina zosalembeka. A Sakala anatenga njinga yawo tayala lisanapopedwe n'kumaikankha kupita kwawo. Patapita miyezi mphaka wawo nayenso anawonda n'kufa. Iwo anayamba kuuza anthu kuti ndabwezera ndine. Moni unathera pamenepo.

M'chilimwe kunabwera madokotala a ziweto ochokera ku Lilongwe kudzabaya agalu katemera wa chiwewe pabwalo la mpira. Analengeza kuti amphaka nawonso abwere. Ndinamuika Phulusa m'dengu. Ndinkafuna andiuze pamaso pa anthu kuti anadya mankhwala.

Dokotala wake anali mayi. Anamutsekula pakamwa. Nkhama zinali zoyera ngati pepala. Anandifunsa ngati pakhomo panabwerako mphaka wachilendo. Ndinazengereza, kenako ndinavomera. Anatenga kadontho ka magazi n'kudonthezera pa kapulasitiki konga koyezera malungo. Tinadikira pang'ono.

Anati si mankhwala a makoswe. Anati ndi matenda a amphaka otchedwa lukemiya. Kachilombo kake kamayenda m'malovu, podyera mbale imodzi, ponyambitana, polumana, ndiponso kuchokera kwa make kupita kwa ana. Kamafoola chitetezo cha m'thupi ndi kuthetsa magazi. Mankhwala ochiza palibe. Munthu, galu, nkhuku, mbuzi, satenga. Anabwereza kawiri kuti munthu satenga. Anati mphaka wotere akhoza kukhala ndi moyo nthawi ndithu ngati akudya bwino, koma asatulukenso panja ndipo asakumane ndi mphaka wina. Anandipatsa mankhwala a zilonda za m'kamwa ndi a njoka za m'mimba.

A Sakala anali pamzere kumbuyo kwanga ndi agalu awo awiri. Anamva zonse. Sanandiyang'ane, inenso sindinacheuke. Ndikanapepesa pomwepo. Koma ndinangonyamula dengu langa n'kumapita.

Anthu zoti munthu satenga anaziiwala asanachoke pabwalo. Anagwira mawu a chitetezo cha m'thupi. Pofika madzulo mudzi wonse unkati mphaka wanga ali ndi edzi ndipo apatsira ana.

M'mawa mwake a Sakala anabwera ndi amuna ena awiri amene ndinawagawira tiana tija. Pampando anakana kukhala. A Sakala anaponya thumba pansi patsogolo panga.

Anati, "Lakutayiramo ndi ili. Njinga muli nayo."

Ndinati sinditaya.

Mmodzi wa awiriwo anati, "Mwatithera amphaka mudzi wonse, ndiye wanu yekha atsale? Mukufuna kutsekula chipatala?"

Ndinati ndikamutaya, wina akatola ngati mmene ndinatolera ine.

A Sakala anati, "Nzeru zabwera lero. Tsiku lija pa shedi zinali kuti? Chabwino, musungeni mkazi wanu wachiwiriyo. Koma akadzaponda pakhomo panga, musadzandifunse."

Thumba analisiya pomwepo. Nabanda anatola n'kuikamo gaga.

Ndinakonza kachipinda kamene ndinkasungiramo makasu ndi njinga. Pawindo ndinakhoma sefa yawaya. Mabowo a pansi pa chitseko ndinatseka ndi njerwa. Ndinaika beseni lakale la mchenga loti azidzithandiziramo, ndipo wotaya ndinali ine, poti Nabanda anakaniratu. Mbale yake inali yakeyake. Ndinkamuphikira matemba n'kuwasinja kuti asamubaye zilonda. Nthawi zina dzira lowiritsa. Zaziwisi dokotala analetsa. M'kamwa ndinkamupukuta ndi kansanza ka madzi ofunda, iye akundikanda manja. Nthata ndi utitiri ndinkachotsa ndekha.

Anthu ankandinena. Ku chitsime akazi anga ankawafunsa kuti odwala agona bwanji. Ana a m'makomo ena analetsedwa kudzasewera kwathu. Wina anagenda sefa ija ndi mwala, ndinakhomanso. Kutchalitchi bambo wina anasuntha pabenchi nditakhala. Ine ndinalimba mtima chifukwa cha mkwiyo. Ndinkati ndiwaonetsa kuti mphaka ameneyu akhala ndi moyo.

Ndipo anakhaladi. Zilonda zinapola. Nthiti zinabisika. Ubweya unagona. Nabanda, amene ankadandaula za mazira awo, ndinawapeza tsiku lina akumupatsa chiwindi cha nkhuku chophika, akumulankhula ngati mwana. Anandiona n'kunena kuti chinali chowawa ndulu, sakanadya munthu. Linali bodza.

Chaka chinatha. Tinakumbanso mtedza. M'mudzi munalibe mphaka, ndipo makoswe anachuluka moti ankathamanga pa mitanda ya denga masana. Misampha inkagwira mmodzi, ena n'kumadutsa pambali. Matumba anga anabooka pansi. A Sakala anapita ku Mlonyeni kwa achibale awo n'kubwera ndi kamphaka kakang'ono. Ankakasamala ngati khanda.

Phulusa ankamva makoswe kuseri kwa khoma. Ankakhala pachitseko n'kumalira, kumakanda thabwa. Ine ndinkamuyang'ana mmene wanenepera n'kumati dokotala uja anakokomeza. Ndinkati mphaka wodwala sanenepa chonchi. Ndinkatinso ndamudyetsa chaka chathunthu, andigwirireko ntchito.

Tsiku limenelo Nabanda anapita kuchigayo. Akanakhalapo akanandiletsa, n'chifukwa chake ndinadikira achoke. Ndinatsekula chitseko n'kumulowetsa Phulusa m'chipinda cha matumba. Sanachedwe, anagwira khoswe ine ndikuona. Ndinaseka ndekha. Ndinakoka chitseko cha chipindacho, chimene pansi pake pali mpata wolowa nkhuku, n'kupita kudimba kukathirira tomato.

Ndili kudimba ndinamva agalu. Anali mawu a agalu amene apeza nyama. Ndinataya kheni yothirira n'kuthamanga.

Phulusa anatulukira pampata uja n'kupita kumene ankakudziwa, ku chipinda cha mtedza cha a Sakala. Anafika pakhonde pamene kamphaka kawo kankadyera, n'kuika mutu m'mbale. Akazi a a Sakala ndiwo anandiuza zimenezi pambuyo pake. A Sakala anatola kamphaka kawo n'kukaponya m'nyumba, kenako anaitana agalu n'kuwakhwirizira. Kale Phulusa akanakwera mtengo wa mango galu asanadzuke n'komwe. Koma mphamvu zija analibenso. Thupi linali lonenepa, magazi anali ochepa. Anamupeza pakati pa bwalo.

Nditafika zinali zitatha. A Sakala anaima pakhonde manja ali kumbuyo.

Anati, "Ine sindinamukhudze. Ndi agalu."

Ndinatola chibonga cha nkhuni chimene chinali pafupi. Sindikudziwa ngati ndinkafuna galu kapena mwini wake. Akazi awo anaima pakati pathu n'kunena kuti, "Alamu, tengani mphaka wanu muzipita, pano pasagwe maliro a munthu." Ndinataya chibongacho. Ndinavula malaya n'kumukulungamo Phulusa.

Ndinamukumbira dzenje lakuya kuseri kwa nthochi. Nabanda anabwera ndi ufa pamutu n'kundipeza ndikukwirira. Ndinayamba kutukwana a Sakala, mtundu wawo, agalu awo. Anandimvetsera mpaka ndinatopa. Atatula thumba la ufa anati, "Agaluwo analowa m'kachipinda muja?"

Mpaka lero sindinawayankhe.

A Sakala sitilankhulana. Tikakumana panjira wina amayang'ana kumunda. Pamaliro timakumba manda amodzi osapatsana khasu. Sindinawakhululukire, ndipo sindinama kuti ndawakhululukira. Akanatha kumuthamangitsa ndi tsache. Akanatha kumuvundikira ndi dengu n'kunditumira uthenga. Anasankha agalu. Koma kamphaka kawo kali moyo, kakula, kakugwira makoswe, ndipo ndikanakhala ine pakhonde paja sindikudziwa chimene ndikanachita.

Tsono inu owerenga, mverani. Mphaka wotola panjira musamusakanize ndi wanu. Muikeni payekha, mbale yakeyake, mpaka a zaziweto amuone. Wanu akayamba kuwonda, nkhama kuyera, m'kamwa zilonda, musathamangire kuloza mnzanu chala ngati ine. Lekani kumubwereketsa, ndipo ana ake musagawe. Kukataya kumalire n'kupatsira mudzi wina matenda, kaya ndi wa kuno kaya wa tsidya lija.

Mukasankha kumusunga, dziwani kuti ntchito yake yatha. Sadzakugwiriraninso khoswe. Mudzamudyetsa, mudzamutayira mchenga, anthu adzakusekani, ndipo phindu simudzaliona. Akanenepa musati wachira, matendawa sachoka. Makoswe akamakutherani mtedza, tcherani misampha, imikani matumba pa thandala, gulitsani msanga ngati n'kotheka. Iye akakhala pachitseko n'kumalira, mulekeni alire.