Mayi Phoebe Malunga, Mlonda wa Chipinda cha Zombo

Mayi Phoebe Malunga, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Nsanje mu 1953. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bwato limene anakwera popita ku Misa linagubuduzika pa Shire. Iwo anagwira bango n'kupulumuka, koma mkulu wawo sanapezeke. Kuyambira tsikulo ankaopa madzi ngati chilombo.

Amuna awo atamwalira, anatsatira mwana wawo Atikonda, namwino, kuno ku London, n'kulowa m'parishi yathu ya Lewisham. Anapeza ntchito yaulonda m'nyumba ina yoonetseramo zithunzi zakale. Tsoka ilo, anawaika m'chipinda cha zombo. Munali zithunzi zimene Adatchi anajambula zaka mazana anayi zapitazo, zina za madoko odzaza asodzi ndi migolo, zina za zombo zikusweka ndi namondwe. Sabata yoyamba ankangoti akalowamo, thukuta kamukamu.

"Mami, apempheni mabwana akusintheni chipinda," anatero Atikonda.

"Mwanawe, ndithawire kuti? Nanga basi imene ndimakwerayi siwoloka mtsinje?" anayankha mayiwo. Ankangofinya kolona m'thumba la yunifolomu, n'kumapempherera tianthu tojambulidwa m'mafundemo.

Tsiku lina masana, m'chipindamo muli zii, munalowa bambo wina woonda. Anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha chombo chikumira, kenaka anasolola mpeni. Mayi Malunga anati atenge wailesi yolankhulirana aitane alonda anzawo, poganiza kuti akufuna kung'amba chithunzicho. Koma bamboyo sanaloze mpeniwo pachithunzi. Anadziika nawo pakhosi.

"Mkazi wanga anamira chonchi, tikuwoloka nyanja pa kabwato kubwera kuno," anatero m'Chingerezi chothyokathyoka. "Ndinamutaya dzanja."

"Inenso ndinataya dzanja la mkulu wanga," anatero mayiwo. "Ndakalamba ndikulirabe. Bwerani, achimwene, tilire awiri. Mpeniwo ikani pansi."

Anasendera pang'onopang'ono, osadziwa ngati mpeniwo utembenukira kwa iwo. Bamboyo anawayang'anitsitsa, ndipo mpeni unagwa. Alonda anzawo pofika anapeza awiriwo atakhala pansi, atagwirana manja. Dzina la bamboyo linali Bonaventure. Miyezi itatu imene anakhala m'chipatala, mayiwo ankamuyendera Loweruka lililonse, ndipo nkhaniyi sanaikambepo kutchalitchi. Ife tinaimva kwa Bonaventure mwiniwakeyo.

Atapuma pantchito anatumikira m'gulu loyendera odwala mpaka miyendo inakana. Bambo Killian, wansembe wathu, atabwera kudzawadzoza matenda atakula, amayi anzawo a m'gululo akuimba pambali, mayiwo anati, "Ndikuopa, Bambo. Auzeni amayiwa asasiye kuimba." Amayi a m'gululo anaimbadi, ndipo nyimbo yachitatu isanathe, Mayi Malunga anatsikira kuli chete, nkhope ili phee.

Ambirife tinkawatcha olimba mtima, koma iwo ankakana. "Ine mantha sanandichokepo," ankatero. "Ndinkangowanyamula n'kupita nawo kumene Ambuye andituma."

Mzimu wawo uuse mumtendere.