Thanthwe Amaliyamba Pamwamba

Ntchito yoswa miyala anandipezera ndi malume anga, amene ankamwera limodzi ndi a Gwaza, kapitawo wa malo ena m'munsi mwa Phiri la Dedza. Ndinayamba m'dzinja, mkazi wanga ali woyembekezera, zala zanga zili zonse.

Mwala wa phiri limeneli ndi wouma gwa, ndipo unagona mosanjikizana ngati masamba a kabichi, magawo onse atapendekera kuchigwa. Hamala payokha singauthe. Tinkaunjika matayala akutha pathanthwe n'kuyatsa, moto ukazilala n'kuthirapo madzi. Mng'alu ukaoneka tinkakhomamo tchizulo, kenako n'kukanula ndi mgwala, chitsulo chachitali chija, mpaka gawo litatsika. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: umayambira pamwamba, chifukwa gawo la m'munsi ndi limene lachirikiza anzake. A Gwaza ankalidziwa kuposa tonsefe, kungoti munthu uja ankasamala zida kuposa anthu.

Tsiku lina, mvula itavumba kwa masiku angapo, lole inabwera kudzatenga miyala. Kumtunda katondo anali woterera, wilibala sikanakwera, ndiye a Gwaza anatilozera gawo la m'munsi, pafupi ndi msewu. Pakati pa magawowo pankatuluka madzi amatope.

"Bwana, thanthweli likukha madzi," ndinatero.

"Ndiye ukufuna ndikupukutire? Gwira tchizulo iwe! Ngati ntchito yakukwana, njira ndi iyo."

Ankalankhula ataima patali, kuseri kwa lole. Ndinaganiza za mkazi wanga, ndipo ndinagwira. Mnzanga atangomenya hamala, gawo la pamwamba linaseseleka pang'ono chabe, popanda phokoso, n'kukhala padzanja langa lamanja. Anzanga anathamanga ndi migwala kudzalitukula, ine ndikukuwa ngati mbuzi. A Gwaza atayandikira, mawu awo oyamba anali akuti, "Tchizulo yanga mwaichotsamo?"

Zala zitatu anazidula kuchipatala. Lero ndimalima mbatata ya kachewere ku Bembeke, khasu ndikulikoka ndi dzanja lamanzere. Chimene ndinatolapo n'chakuti pamalo pamene wokutuma sakufuna kuimapo yekha, iwe usaimepo.

Phirilo ndilibe nalo mlandu, linandichenjeza ndi madzi aja. Koma a Gwaza ndimadana nawo, sindibisa. Tikakumana pamaliro amatambasula dzanja kuti andipatse moni, anthu akuona. Ine ndimawapatsa lomwelo la zala ziwirilo, ndipo sindifulumira kulichotsa.