Dzina Loti Mabhandi

Anzanga, munthu amene anandilakwira ndi Gedion, mlamu wanga wa ku Mvuma. Ndakhala ndikunena choncho kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Koma mwezi uno mutu wanga wasokonekera, ndiye mundipirire. Sukulu sindinapite nayo patali.

Eluby ndinamudziwa kudzera mwa Gedion yemweyo. Ine ndinkagwira ntchito kufakitale ya zitsulo kuno ku Redcliff, iye kumgodi. Tsiku lina tikusewera mpira, Eluby, mlongo wake wongofika kumene kuchokera ku Dedza, anali atamugwirira jekete panja pa bwalo.

"Achimwene, a Manson aja ndi awa? Bwanji akuthamanga ngati bakha?"

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka... basi mtima unapita pomwepo. Chaka chisanathe tinadalitsa ukwati kutchalitchi, kenako kunabadwa Givemore.

Mavuto anabwera zaka za m'ma 90. Eluby anatuluka matuza kuchokera kumsana mpaka pansi pa bere, mbali imodzi yokha, mzere wofiira. Kumudzi amati mashingozi. Kuno Ashona amati bhandi, kutanthauza lamba, chifukwa amazungulira thupi ngati lamba.

Gedion anabwera kudzacheza ine ndili ku shift. Pageti anakumana ndi neba wathu, Mai Tsitsi.

"Hanzvadzi yenyu yarohwa nebhandi!" anatero mayiwo, kunena kuti mlongo wanu bhandi lamugwira. Koma Chishona cha Gedion chinali cha theka. Iye anamva kuti mlongo wake wakwapulidwa ndi lamba.

Nditafika ndinapeza anthu pabwalo. Gedion anandigwira pakhosi.

"Alamu, mlongo wanga ndinakupatsani kuti muzimusenda ngati ng'ombe?"

"Mufunseni mwini wake!" ndinakuwa.

Anamufunsadi. "Eluby, ndi lamba?"

Eluby anangogwira nthiti n'kumalira. Sanayankhe. Mai Tsitsi nawonso anangozemba n'kulowa m'nyumba mwawo.

Gedion anamutenga Eluby kupita naye ku Mvuma. Akulu a mpingo anandiimitsa Mgonero. Kuntchito anandipatsa dzina loti Mabhandi, ndipo mpaka lero ana osadziwa kanthu amati, "Makadii Sekuru Mabhandi," kutanthauza muli bwanji agogo Mabhandi. Eluby atachira anabwerera yekha. Ine ndinati ululu ndiwo unamutseka pakamwa tsiku lija, ndipo sindinafune kumukumbutsa. Mkwiyo wonse ndinasungira Gedion.

Tsono mwezi uno matenda aja abweranso, malo omwewo.

Anzanga, musawaone mopepuka. Mkazi wanga ngakhale nsalu yopyapyala ikamukhudza amakuwa. Akuti zili ngati munthu wamuthira makala m'malaya. Ndinathamanga naye ku clinic. Nesi anati tachita bwino kufika msanga, anatipatsa mapiritsi ndi calamine wopaka.

"Sekuru, si ufiti ayi, si chiwerewere," anatero. "Ndi kachilombo kamene kamagona m'thupi kuyambira ubwana. Thupi likafooka kamadzuka. Matuzawo musawaphulitse."

Ndiye ndine ndimamusambitsa, ndimamuika nsalu yonyowa, ndimamupaka mankhwala ndi thonje pang'onopang'ono. Manja anga ndi a zitsulo, koma ndaphunzira.

M'mawa wina ndikumupaka ndinati, "Mai a Givemore, ndiwaimbire foni alamu abwere adzaone okha. Umboni wanga ndi uwu."

"Aone chiyani? Mlongo wanga aone nthiti zanga? Bambo a Givemore, mwakalamba mpaka nzeru?"

"Ndiye muwauze pakamwa. Tsiku lija ululu unakulepheretsani, lero mungathe."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Kenako anati, "Ululu sunandilepheretse. Ndinatseka pakamwa dala."

Thonje linagwa m'manja mwanga.

"Mwaiwala zaka zija?" anapitiriza. "Munthu akatuluka bhandi, aliyense ankati ali ndi matenda aja a Edzi. Mayi wa pamzere wakumtunda uja atatuluka bhandi anthu anasiya kumugula tomato, kapu yake ankaiika payokha. Akanati mwabweretsa ndinu. Givemore akanamuthawa anzake kusukulu. Koma mwamuna womenya mkazi, anthu amadya naye mbale imodzi. Mai Tsitsi ndinawapempha ndine kuti asakonze mawu awo."

"Ndiye munandigulitsa?"

"Ndinakutchinjirizani... Pakani apa, pakuyabwa."

Ndinatola thonje lina n'kupitiriza kupaka. Ndikanatani? Munthu akumva moto m'thupi.

Koma kuyambira tsiku limenelo sindikudziwa poika mtima wanga. Ndikamuyang'ana ndimaona mkazi amene anasenza chinsinsi yekha kuti nyumba yathu isasalidwe. Ndikayang'ananso ndimaona munthu amene ankamva ana akunditcha Mabhandi, iye n'kumangotsuka mbale. Nanga Gedion? Maliro a mkazi wake sindinapite. Kodi analakwa chiyani, poti anafunsa ndipo sanayankhidwe?

Chikondi chimatero kodi, anzanga? Inu ophunzira mundiuze.

Ndamupempha kuti alankhule. Akuti ndidikire achire kaye. Matuza anauma kale, koma iye akuti mkati mukubayabe ngati singano. Nesi akuti zimachitikadi, kwa okalamba ululu umatha kukhala miyezi. Mwina n'zoona. Mwina akungokoka nthawi. Sindingathenso kusiyanitsa, ndiye ndikumupakabe.

Gedion maso anayamba kuchita khungu, inenso BP ikundigwetsa. Sindikufuna sorry wa munthu aliyense, sindikufuna msonkhano wa mpingo. Ndisanafe ndikufuna chinthu chimodzi: Gedion akhale pampando m'nyumba muno, ndipo Eluby, ndi pakamwa pake, ine ndikumva, amuuze kuti, "Achimwene, a Manson sanandimenyepo."