Ulemu Unatsala Pang'ono Kundilanditsa Viza

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kubwezedwa kumudzi sukulu isanathe. Sindinabe kanthu, sindinamenye munthu. Ndinangokhala chete pa nthawi imene ndinayenera kutsegula pakamwa. Ndikulemba izi kuti wina amene wangofika kumene kuno asalakwe monga ndinalakwira ine.

Ndinabwera ku Glasgow kudzachita maphunziro a kafukufuku pa zaumoyo. Ndinatenga mwana wanga wamkazi, Tadala, amene anali atangoyamba pulayimale, ndipo bambo ake anatsala ku Zomba chifukwa cha ntchito. Tinapeza kafulati ku Dennistoun, pamwamba penipeni, kokwera masitepe a miyala mpaka mawondo kudandaula. Kanali kozizira, koma tinkakakonda. Loweruka ndinkagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, maola ochepa amene viza ya wophunzira imalola, ndipo tinkakwanitsa movutikira.

Chaka chachiwiri chili mkati, landilodi, mwini nyumba, anatiuza kuti akugulitsa nyumbayo. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti kufuna nyumba uli mlendo, wophunzira, komanso uli ndi mwana, ndi ntchito payokha. Kwina ankafuna munthu wa konkuno wondisayinira. Kwina lendi yake inali yongokuseka. Kwina ukangotchula mwana, amati nyumba yapita kale. Ndinayenda mpaka nsapato kulowa madzi, ndipo tsiku lotuluka linkayandikira.

Tsopano ndikuuzeni za Amayi Chirwa. Iwo ndi namwino amene anabwera kuno kalekale, ndipo ndiwo amatsogolera amayi ku tchalitchi kwathu. Ndiwo anatilandira pa bwalo la ndege. Jekete yoyamba ya Tadala anagula ndi iwo, mabulangete athu anachokera kwawo, ndipo basi yoyamba ndinakwera atandigwira dzanja ngati mwana. Ndi munthu wa mtima wabwino kwambiri, koma mawu akuti "koma" sagwirizana nawo. Akanena anena. Kwa ine anali mayi anga a kuno, ndipo ine ndinaleredwa kuti mayi sumawabweza mawu.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa. Pakati pa ife Amalawi kuno, munthu sufunsa mnzako za mapepala ake. Tikhoza kukambirana za matenda, za mabanja, ngakhale za amuna athu mpaka kugwa ndi phwete, koma mapepala ayi. Ena anakhazikika, ena akudikira yankho, ena zawo sizinalongosoke, ndiye kufunsa kumaoneka ngati ukufuna kukamuneneza munthu. Ndi ulemu ndithu, ndipo ine ndinkauona kuti ndi wabwino. Choncho Amayi Chirwa ankadziwa saizi ya nsapato ya mwana wanga, koma sankadziwa zimene zinalembedwa pa viza yanga.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anandiitanira kwawo ku Maryhill. Tikumwa tiyi ndi mandasi, ndinawafotokozera za nyumba, ndipo misozi inanditsogolera. Iwo anaika kapu pansi.

"Iwe, ukuvutikiranji chonchi ndi mwana? Kuno kuli mabenefiti a nyumba, boma limathandiza lendi. Bweretsa foni yako tiapulaye pompano."

"Amayi, koma ine..."

"Koma chiyani? Ukuona ngati ndingakugwetse m'dzenje ine? Banja la a Mwale ndinaliapulayira ndine, pa tebulo lomweli, ndipo zinatheka."

A Mwale ndinkawadziwa pang'ono. Anali wophunzira ngati ine, wa mkazi ndi ana, ndipo anabwerera ku Malawi chaka chapitacho sukulu asanamalize. Anthu ankati kuzizira kunawagonjetsa, ndipo tinkaseka nazo.

Inu owerenga, apa ndiye pagona kulakwa kwanga. Khadi langa la viza linali m'chikwama, chikwamacho chili pamiyendo panga. Pa khadipo panalembedwa poyera kuti sindiloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma. Ndinkadziwa, ndipo ku sukulu anatiuza sabata yoyamba. Ndikanangotsegula zipi ndi kuwaonetsa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinayang'ana imvi zawo, ndinakumbukira jekete ija, ndipo ndinadzifunsa kuti ine wa dzulodzulo ndine ndani kuti ndiphunzitse munthu amene wakhala kuno zaka zonsezi. Ndinati mwina pali njira ina ya anthu a ana imene iwo akuidziwa.

Ndisanamizire ulemu wokha. Inenso ndinkafuna kuti zikhale zoona. Ndinali nditatopa, ndipo munthu wotopa amakonda womuuza kuti vuto latha. Ndinapereka foni. Iwo anavala magalasi, nayamba kundifunsa dzina, adiresi ndi tsiku lobadwa la mwana, ine ndikuyankha ngati wa katekisimu. Atamaliza anatumiza, kenaka tinapemphera. Ndinatuluka m'nyumbamo nditanyamula mandasi a Tadala, mtima ukundiuza kuti ndachita chinthu cholakwika.

Patapita masiku, ndinalandira uthenga wochokera ku boma wondiitana kuti ndikaonekere ndi zikalata zanga. Ndinaganiza zoyamba ndadzera ku sukulu, ku ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja, kuti andipatse kalata yotsimikizira kuti ndine wophunzira. Kumeneko ndinapeza mlangizi, mayi wina wa konkuno, wolankhula mofulumira monga amachitira anthu a mzinda uno. Anandifunsa kuti kalatayo ikupita kuti. Nditamuuza, anasiya kulemba, nadzuka kukatseka chitseko.

Anandifunsa ngati ndalandirako kale kanthu. Ndinati ayi. Anandifunsanso kachiwiri, akundiyang'ana m'maso, ndipo ndinati ayi. Kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono kuti thandizo la lendi lili m'gulu la zinthu zimene viza yanga imaletsa. Kulandira kukanakhala kuphwanya lamulo la viza, ndipo zikanatha kuchititsa kuti andikanize kuwonjezera nthawi yokhala kuno. Ine ndinkafunika kuwonjezera viza chaka chomwecho kuti ndimalize kafukufuku. Ndinaona zaka zimene ndasiya mwamuna wanga yekha zikupita pachabe, ndikutsika ndege ndi mwana komanso masutikesi, popanda pepala limene ndinadzera.

Ndinalira, koma osati nthawi yaitali. Ndinapukuta m'maso ndi kumufunsa kuti ndichite chiyani lero lomwe. Tinakhala limodzi pa kompyuta ndi kuchotsa pempho lija, ndipo ndinalemba mawu ofotokoza kuti ndinalakwitsa ndipo sindikufuna kulandira kanthu. Mlangiziyo sanandinamize. Anati sangalonjeze mmene nkhaniyi idzaonedwere, koma nthawi yowonjezera viza ikadzafika ndidzanene zoona zokhazokha. Anandiuzanso chinthu chimene chinandipsetsa mtima: sukulu yomweyo inali ndi thumba lake lothandiza ophunzira amene zawavuta, losakhudzana ndi boma, ndipo ine ndinali woyenera kupemphako. Ndinkadutsa pa khomo limenelo sabata iliyonse, koma manyazi sankandilola kugogoda. Ndi thandizo lawo tinapeza kafulati kakang'ono ku Springburn, ndipo tinasamuka tsiku lotuluka lisanakwane.

Chotsala chinali Amayi Chirwa. Njira yosavuta ndinkaidziwa, ndipo ndi imene ambirife timatsata. Ndikanangowauza kuti a boma anandikana, iwo akanati pepa mwanawe, ubale n'kupitirira. Ndinaiganizira kwambiri njira imeneyo. Koma ndikakumbukira kuti chaka chilichonse kumabwera ophunzira atsopano, ndipo onse amayamba kumwa tiyi pa tebulo lomwe lija, mtima sunkandilola. Ndinatsimikiza kuti ndipita, kaya andikalipira kaya andithamangitsa.

Ndinawapeza masana ena atangochoka ku shifiti. Sindinayambe ndi mawu ambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikazungulira ndibwerera osanena. Ndinatulutsa khadi lija ndi kuliika patsogolo pawo, ndipo ndinawafotokozera zonse zimene mlangizi ananena. Anavala magalasi, nawerenga, kenaka anandifunsa.

"Nanga bwanji sunanene tsiku lija?"

"Ndinaopa, amayi. Ndinaona ngati ndi mwano." Kenaka ndinawonjezera kuti, "Komanso inu simunandifunse."

Chibadwire ndinali ndisanayankhepo munthu wamkulu chonchi. Ndinadikira mkuntho, koma sunabwere. Iwo anali akuyang'anabe khadilo.

"A Mwale," anatero motsitsa. "Khadi lawo linali ngati ili?"

Ndinati sindikudziwa, koma anali wophunzira ngati ine. Anatenga foni yawo pomwepo ndi kuimba ku Lilongwe, ine ndili pomwepo. A Mwale anayankha mwansangala, nafunsa za mpingo ndi za nyengo. Amayi Chirwa sanazungulire. Anawafunsa chimene chinawachotsa ku Glasgow. Kenaka a Mwale anafotokoza kuti analandiradi thandizo lija kwa miyezi ingapo, ndipo atapempha kuwonjezera viza anawakana chifukwa cha zomwezo.

"Zinatha zimenezo, amayi," anatero. "Sitinafune kukukhumudwitsani. Munatichitira zambiri."

Inu owerenga, banja limenelo linabwera kudzatsazika m'nyumba imeneyo. Linabweretsa chitenje cha mphatso, linagwada, linathokoza, ndipo linakwera ndege osanena kanthu. Bambo uja anasiya maphunziro ake pakati, koma sanalole kuti mayi wamkulu achite manyazi. Tonsefe tinkaseka kuti anathawa chisanu. Amayi Chirwa anadula foni, nalowa kuchipinda, ndipo ndinawamva akulira. Ine ndinatsuka makapu chifukwa ndinasowa chochita ndi manja anga.

Sindinawade, ndipo mpaka lero sindiwada. Iwo analangiza zimene ankadziwa, zimene zinathandizadi anthu ena amene mapepala awo amalola. Cholakwa chinali chakuti iwo sanafunse chifukwa cha ulemu, ndipo ife sitinanene chifukwa cha ulemu womwewo.

Nthawi yowonjezera viza itafika, ndinanena zonse monga zinachitikira, ndipo mlangizi uja anandithandiza kufotokoza bwino. Kenaka kunali kudikira. Masabata amenewo anali owawa. Foni ikalira, ndinkathamangira kukaona ngati ndi yankho. Tadala ankandifunsa m'Chingerezi chake cha kuno ngati chaka chamawa adzakhalabe m'kalasi ndi anzake, ndipo ndinkamuyankha kuti tiona. Koma sindinasiye kulemba kafukufuku wanga. Ndinadziuza kuti ngati andibweza, andibweze ndili ndi ntchito m'manja. Amayi Chirwa ankabwera kudzamutenga mwana Loweruka lililonse kuti ine ndipeze mpata, ndipo sanaphonyepo. Yankho litabwera kuti andilola, munthu woyamba kumuimbira anali mwamuna wanga, wachiwiri anali iwo. Sananene zambiri. Anangoti akanakonda a Mwale akanalandiranso uthenga ngati umenewo.

Tsono malangizo anga ndi awa. Ngati mwabwera kuno pa viza ya sukulu, werengani zimene viza yanu imalola ndi zimene imaletsa, ndipo muzikhulupirire kuposa mawu a munthu aliyense, ngakhale amene anakugulirani jekete. Zimene zinathandiza mnzanu sizitanthauza kuti ndi zanu, pakuti tonse timayimba nyimbo imodzi ku tchalitchi koma mapepala athu ndi osiyana. Nyumba ikavuta, yambani mwapita ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja ku sukulu kwanu musanadine chilichonse pa foni. Ngati mwalakwitsa kale, musabise, thamangirani komweko lero. Ndipo inu akuluakulu amene munatitsogolera kuno, tikukuthokozani, koma musanatithandize tifunseni, ndipo tikati "koma" tiloleni timalize.

Masiku ano ine ndili ndi mbiri ya mwano ku tchalitchi kwathu. Wophunzira watsopano akafika, ndimamulonjera, ndimamupatsa tiyi, kenaka ndimamutengera pambali ndi kumufunsa kuti viza yake ndi yotani, ndipo ndimamuuza nkhani yanga yonse. Ena amathokoza. Ena amandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Lamulungu lapitali kunabwera mtsikana wina wa ku Kasungu, ndipo Amayi Chirwa anandikodola ndi chigongono kuti ndipite. Nditamufunsa, anakwinya nkhope, nati kwawo anamuchenjeza za anthu ofunsafunsa za mapepala, ndipo anachoka osatsazika.

Lamulungu likubwerali ndikamufunsanso. Andide ndithu, bola amalize sukulu.