Matailosi a Mpopi wa a Rıfkı

Kuno kwathu ku Kütahya, munthu amene unkamukonda akamwalira, umamumangira mpopi m'mbali mwa msewu kuti aliyense wodutsa amwe madzi n'kumupemphera chifundo kwa Mulungu. A Gülizar anachita zomwezo. Amuna awo, a Rıfkı, anali osonkha moto pang'anjo ya a Usta Nurettin kwa zaka makumi atatu, ndipo munthu waludzu ngati ameneyo sindinamuonepo. Akachoka pamoto paja, nkhope ili psuu, ankagugudiza mtsuko wathunthu osapuma n'kufunsa ngati ena alipo. Ndiye atamwalira panalibe zoganizaganiza kuti tiwakumbukire ndi chiyani. Munthu wotereyu wake ndi mpopi.

A Gülizar nawonso ankagwira ntchito kwa a Usta komweko. Usta ndi dzina lomwe timaitanira mmisiri wamkulu, mwini malo. Ntchito yawo inali yopaka utoto pambale, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu atawerama ndi kaburashi, duwa ndi duwa. Pa utoto wofiira, uja wa dothi womwe umatukumuka pambale mpaka kumveka ndi chala, panalibe wowaposa. A Rıfkı ankadziwa kuti wofiira sufuna moto wambiri, choncho mbale za akazi awo ankaziika pakona pomwe lawi silifika mwamphamvu. Ng'anjo ikazizira ankagogoda mbale iliyonse ndi mphete yawo yasiliva. Yamoyo imalira ngiii, ya mng'alu imangoti phu. Koma mukanatembenuza mbale ina iliyonse mwa zimenezo, kunsi mukanapeza dzina limodzi lokha: Nurettin. Mwambo wake ndi womwewo, opaka utoto salemba mayina awo, ndipo a Gülizar sankadandaula nazo.

Mpopi uja anaukongoletsa ndi matailosi makumi awiri ndi anayi, ojambula okha, maluwa ofiira okhaokha, owotchera mung'anjo ya a Usta. Abale inu, kukongola kwake! Anthu ankamwa ngakhale alibe ludzu. Kenako kunabwera chisanu, chija cha kuno choumitsa madzi mumtsuko. Pomwe chinkatha, nkhope za matailosi zinali zitayoyoka ngati zikamba za dzira, maluwa ali mbwee pansi m'matope. Chikomekome cha mkuyu. A Gülizar anatolera zidutswazo m'mpango mwawo ndipo analira kuposa tsiku la maliro, chifukwa zinali ngati amuna awo afa kachiwiri, ulendo uno ndi dzanja lawo.

Anakaziyala patebulo la a Usta. "Tandiuzani, Usta, chalakwika n'chiyani?"

"Chisanu, achemwali."

"Chisanucho ndachiona. Ndikufunsa kuti chimalowera pati?"

"Agogo anga sanafunsepo zimenezo, bambo anga sanafunsepo. Zadongo ndi za m'nyumba. Pakani laimu pampopipo ngati anzanu, mupumule."

Laimu! Pampopi wa a Rıfkı! Mayi aja anangomanga mpango wawo n'kutuluka. Chaka chomwecho, ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, anagula mabuku, anakhala pa desiki limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wawo wotsiriza n'kulemba mayeso. Anawatenga kukoleji ya ntchito zamanja, maphunziro a zaka ziwiri a zadongo ndi zagalasi. A Usta atamva anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Ukalamba wonsewu mukapempha mwana wa dzulodzuloli kuti akuphunzitseni dongo? Mukakabwera ndi pepalalo mudzandibwereke, ndiyatsire ng'anjo."

"Musadere nkhawa, Usta. Likakhala lalikulu ndidzakung'ambirani theka mupukutire ndevu."

Anagwirizana kuti azipitabe kuntchito masiku atatu pa sabata, chifukwa kutukwanizana kwawo sikunali kwa udani, ndipo utoto wofiira uja a Usta sakanaupeza kwina.

Kukoleji anawakonda msanga. Aliyense ankawaitana kuti azakhali. Iwo ankapita ndi botolo la msuzi wa tarhana wotentha, n'kumadyetsa ana a eni omwe ankabwera m'kalasi m'mimba muli pululu, ndipo anawo ankawaphunzitsa kompyuta, yomwe a Gülizar ankaigwira ngati ingawalume. Tsiku loyamba kuuzira galasi ndiye kunali phwando. Anzawo ankatulutsa timatambula, iwo anauzira ndi mphamvu zonse, masaya ali tuu, n'kutulutsa chinthu chonga mbatata yopindika. "Azakhali, ichi n'chomwera kapena chogendera agalu?" Iwo anaseka kuposa onse ndipo mbatatayo ili pa windo lawo mpaka lero.

Koma chomwe anapitira sanachiiwale. Mphunzitsi wawo wa zadongo anali a Selcan, mayi wamng'ono, wowonda, wosakonda zoyankhula zambiri. Sabata lachitatu a Gülizar anawayalira mpango uja. A Selcan anangotenga chidutswa chimodzi n'kuchiika pa sikelo.

"Lembani kulemera kwake, azakhali."

"Ine sikelo ndi ya chiyani, aphunzitsi? Dzanja langali limadziwa."

"Dzanjalo ndi lomwe linapanga izi. Lembani."

Zinawawa, koma analemba. Kenako chidutswacho anachiwiritsa mupoto kwa maola awiri, anachipukuta n'kuchiikanso pa sikelo. Chinali chitalemera. A Gülizar anayang'ana nambala yoyamba, anayang'ana yachiwiri, n'kugwira pakamwa.

"Chamwa madzi!"

"Chamwa," anatero a Selcan. "Moto wa mbale ndi wochepa, umasiya timabowo m'dongo. Madzi amalowamo, chisanu chikabwera amaundana n'kufufuma, ndiye amakankha nkhope ya tailosi kuchokera m'kati."

"Ha! Ndiye kuti ludzu la a Rıfkı linalowa m'dongo!" A Gülizar anaseka, misozi ikutsika, ana m'kalasi osadziwa kuti aseke nawo kapena ayi. Chinsinsi chomwe mibadwo itatu ya kwa a Usta sinafunse chinali chitaululika ndi poto ndi sikelo. Safunsa anadya phula.

Mankhwala ake anali dongo lina ndi moto waukulu, wotseka timabowo tonse. Kuyambira pamenepo mayi aja anasanduka munthu wa kope ndi pensulo. Ankasakaniza dongo poyeza magalamu, kuwotcha timatailosi toyeserera, kutinyika m'madzi, kutiika mufiriji kunyumba kuti tiundane, m'mawa kutisungunula, madzulo kubwezeramonso, maulendo makumi anayi kalikonse. Nyama yawo ndi tsabola wawo zinakhala mufiriji yanga miyezi isanu, ndikunena ine mwini, mnansi wawo. Toyamba tinasweka, tachiwiri tinasweka, tachisanu ndi chinayi tinatuluka tamoyo. Anatigogoda ndi mphete ya a Rıfkı, yomwe mayiwo amavala m'khosi pa ulusi, ndipo tinalira ngiii.

Vuto linatulukira pa utoto. Wabuluu unapirira moto waukulu, unachita kuwala bwino. Wofiira uja ndiye ayi. Unalowa mung'anjo uli wofiira, n'kutuluka uli wa mtundu wa chiwindi chopserera. Anayesa kuukhuthalitsa, anayesa kuusakaniza, anayesa kuuika pakona monga ankachitira amuna awo, koma ng'anjo yamagetsi ya kukoleji ilibe kona yachifundo, imatentha ponseponse chimodzimodzi. Maulendo khumi ndi asanu ndi awiri, chiwindi chokhachokha.

"Ulipo wofiira wa kufakitale wopirira moto," anatero a Selcan.

A Gülizar anaupaka pa kachidutswa, anauwotcha, anaupapasa ndi chala. Unali see ngati penti ya pagalimoto. "Uwu a Rıfkı sangauzindikire," anatero, n'kuukankhira uko.

"Ndiye musankhe, azakhali. Ng'anjo yaikulu ya ntchito yomalizira aliyense amapatsidwa kamodzi kokha, ndipo yanu ndi Lachinayi likudzali. Wofiira wanu pamoto wochepa, mpopi ukongole chilimwe chimodzi. Kapena muusiye, mpopi ukhale."

Mayi aja anakwiya zenizeni. Anati sukulu yanji yodziwa kupha utoto koma osadziwa kuudzutsa, anavula epuloni n'kupita kwawo tsiku lisanathe. Wofiira unali dzina lawo, chinthu chimodzi chomwe tauni yonse inkawadziwira popanda kulemba kunsi kwa mbale, ndiponso chomwe amuna awo anachiteteza ku lawi zaka zonse zija. Podutsa pampopi anaima. Panali mayi wina akumwetsa mwana ndi chikhatho, simenti ili poyera, mabala okhaokha. Mwanayo anamwa, mayiyo ananong'ona pemphero la womwalira monga timachitira, n'kumapita. Sanayang'ane n'komwe ngati pali duwa. A Gülizar anakhala pamwala wa pambali nthawi yaitali, kenako anadziseka okha. A Rıfkı maluwa sankamwa.

M'mawa anabwerera ndi makeke a ufa wa chitowe opepesera aphunzitsi. Anajambula maluwa omwe aja, makumi awiri ndi anayi, onse abuluu pa zoyera. Atatsala pang'ono kulongedza mung'anjo, a Selcan anawagwira mkono.

"Simunasaine."

"Kusaina chiyani?"

"Dzina lanu. Kuno ntchito yopanda dzina sitichonga."

A Gülizar anatenga kaburashi. Anafunsa ngati pali lamulo la pomwe dzina liyenera kukhala. Anawauza kuti palibe. Anatembenuza tailosi ya pakati, yomwe mpopi umatulukirapo, n'kulemba kumbuyo kwake ndi utoto wabuluu. Aphunzitsi anawerenga n'kuchonga m'kope mwawo.

Pepala lawo analandira mu Juni, atavala mkanjo ndi chipewa chija cha makona anayi pamwamba pa mpango, ana onse akukuwa kuti azakhali, azakhali! Matailosi anawamata mu Okutobala. A Usta anabwera kudzaonerera, manja kumbuyo.

"Zaka ziwiri za sukulu, wofiira n'kuiwalira komweko? Mpopi wopanda chofiira ndi nkhope yopanda milomo, achemwali."

"Milomo muli nayo inu yokwanira tonse, Usta. Tidzaonana chisanu chikatha."

Chisanu cha chaka chimenecho chinali cha nkhanza, mapaipi anaphulika m'nyumba zambiri. Mpopi unakutidwa ndi madzi oundana ngati ndevu za nkhalamba, moti zomwe zinkachitika m'kati palibe ankaziona. A Gülizar ankadutsapo popita kuntchito osatembenuka, koma ine ndimawadziwa, mtima unali m'mwamba. Firiji ndi firiji, chisanu cha Mulungu ndi china.

M'mawa wina mu Malichi, madenga atayamba kudontha, anavula mphete m'khosi n'kupita. Anapeza a Usta atafika kale, akunamizira kumanga chingwe cha nsapato. A Gülizar anapukuta matailosi ndi mpango, nkhope zonse zili mbee, n'kuyamba kugogoda kuchokera pamwamba. Ngiii. Ngiii. A Usta anasiya zonamizira zija, anayandikira n'kutchera khutu, milomo ikuwerenga. Atamaliza matailosi makumi awiri ndi atatu, nkhalamba ija inatambasula dzanja.

"Tabweretsani mpheteyo. Inu mungakondere."

Anagogoda okha ya pakati ija, mwamphamvu, kawiri. Inalira mpaka kutsidya kwa msewu. A Usta anabweza mphete, anakunga chikhatho, anamwa, n'kupemphera mokweza kuti Mulungu amuchitire chifundo Rıfkı. Kenako anayamba kusuzumira m'makona monse mwa matailosi.

"Paja kusukulu kwanuko akuti mumalemba mayina. Lanu lili pati? Munachita manyazi?"

"Lilipo, Usta. Lili kumbuyo kwa yomwe mwagogodayo."

"Kumbuyo? M'simenti? Zaka makumi atatu kudikira kulemba dzina, n'kukalikwirira m'khoma! Aliwerenga ndani kumeneko?"

A Gülizar anamangirira mphete pa ulusi wake n'kuibwezera m'khosi. "Ndinalemba awiri, langa ndi lawo, moyandikana. Inu zanu ndi madzi, Usta, imwani. Kumbuyoko n'kwathu."

A Usta anawerama pampopi. Anangomwanso kachiwiri, ngakhale kunali kozizira ndipo ludzu analibe.